Timawu ta m'Kope la Ndaziona

Ndaziona walowa Sitandade 5,
kumene Chichewa amachivula pakhomo ngati nsapato zamatope.
Madzulo, ndisananyamuke kupita ku ulonda ku Maselema,
amandikhazika pa ndowa yovundikira.
"Ababa, lero mphunzitsi ndine."

Choko chake ndi khala la m'mbaula,
bolodi ndi khoma la bafa la eni nyumba.
Amakhuthula chikwama pansi:
rula yothyokera pa nambala naini,
labala wolumidwa mbali imodzi,
pensulo yofupika kuposa chala changa,
dasitala wosoka yekha ndi nsanza za malaya anga akale.
Chilichonse ndichitchule m'Chingerezi.
Lilime langa limaterereka
ngati minibasi yokwera ku Bangwe tsiku la mvula,
iye n'kuseka mpaka kutsamwa.

Tsiku lina anatsegula tsamba la timawu tija
timene Mayi Sambani akuti sitiyenda tokha,
timaima kutsogolo kwa mneni
ngati kondakitala pa chitseko.

"Can ndi kutha. May ndi kupempha.
Ukafuna kuchimbudzi n'kunena can,
madamu amakuyankha kuti
miyendo uli nayo, koma ine sindinakulole."
Akuti Lufeyo anangoima pomwepo osamvetsa
mpaka kabudula ananyowa.

Atafika pa must ndinamugwira dzanja.
Ameneyu usandiphunzitse, mwanawe,
ndakhala naye zaka khumi ndi zinayi.
Ndi amene amandidzidzimutsa bwana akaliza hutala pa geti,
ndi amene amabwera ndi eni nyumba mwezi ukatha.
Dzina lokha ndi limene sindinkadziwa,
monga galu wa pa njira yako ya tsiku ndi tsiku:
mano ake umawadziwa.

Should akuti ndi malangizo.
Ameneyo ndiye mlamu wanga wa ku Chigumula,
katswiri pa kagawidwe ka malipiro anga
amene sanandibwerekepo ngakhale ya sopo.

Might ndinamukonda.
Ndi mtambo uja umakhala pamwamba pa Mpingwe,
mwina igwa kuno, mwina ipita ku Thyolo.
Ndi madzi a pampopi wathu.

Lachinayi anabwera ndi kapepala ka ku ofesi ya ahedi,
chidindo chabuluu m'munsi.
Anawerenga yekha, chala chikutsata mzere,
ndipo atafika pakati mawu ake anachepa.
Must anali pomwepo, atavala tayi:
ya mayeso ndi ya chitukuko, pofika Lolemba.
Tsikulo linali pa 19.

Usiku m'kanyumba ka pa geti,
tochi nditailuma ndi mano,
ndinang'amba tsamba lomaliza la buku lolembamo magalimoto.
Ndinafunafuna m'mutu kamawu kaja
kamene mwana anati ndi can wovula chipewa.
Malole ankadutsa kulowera ku Limbe,
udzudzu unkandiyesa mayeso akeake m'khutu.
Cha m'ma thuu koloko kanabwera.
Could.
Ndinalemba, ndinafufuta ndi labala wolumidwa uja,
pepala linatsala pang'ono kubooka,
ndinalembanso:
could you wait, mpaka pa 30.
Zotsalazo ndinamaliza m'Chichewa,
poti ahedi nawonso anayamwa kwa mayi.

M'mawa Ndaziona anaiwerenga mswachi uli kukamwa.
Anatulutsa bolopeni yofiira, kaya anaitola kuti,
nabwezera i amene ndinamusiya mu wait,
n'kuchonga pambali, chonga chachikulu
chofika mpaka pa dzina langa.

"Kwatsala will," anatero. "Sabata yamawa."
Ndinafunsa kuti ameneyo ndi wa chiyani.
"Wa zam'tsogolo, ababa."

Anapinda kalatayo kanayi
naiika m'thumba la yunifolomu, muli kale chigumu cha pa buleki,
n'kutsetsereka chothamanga, belu litayamba kulira kumunsi.
Ine ndinakhala pa ndowa paja
kumasula zingwe za majombo,
ndikuyang'ana khoma la bafa
limene eni nyumba anena kawiri kuti tilitsuke.